Sopo pa Handulo

1. Giya yokakamira

Inali nthawi yoweruka kusukulu, dzuwa litapendeka, ngakhale dzuwalo palibe analiona. Mitambo inali itaphimba phiri la Mulanje kuyambira m'mawa, ndipo kamphepo kozizira ka mwezi wa Juni kankaomba kuchokera m'minda ya tiyi.

Ireen, mtsikana wa Sitandade 8, ankakwera chitunda cha kumudzi kwawo, kufupi ndi Chinakanaka. Kumbuyo kwake mlongo wake wamng'ono, Samueli, ankakankha njinga yake yofiira uku akufwenthera.

"Njinga ndi yokwera, si yoyenda nayo ngati mbuzi ya pachingwe," anatero Ireen.

"Yakananso, achemwali. Taonani."

Samueli anatambasula dzanja. Patsinde pa chala chachikulu panali thuza lophulika.

Njingayo inali ya magiya, ndipo chosinthira magiya chake chinali chija chopotokola pa handulo. Chinyezi chinali chitalowa m'kati, waya n'kuchita dzimbiri. Tsopano giya inakakamira pa yolemera, moti mwana wa manja aang'ono sakanatha kuisuntha. Pachitunda chilichonse Samueli ankatsika n'kumakankha, anzake akumuseka.

Pamwamba pa chitundacho panali shedi ya amalume awo, a Bonface, okonza njinga. Anawapeza akukalipira Harold, mnyamata wa kabaza, amene anali ndi pulasitala pachibwano.

"Iwe Harold, mutu wakowo ndi wonyamulira chipewa basi?" ankatero a Bonface. "Ana inunso imani pomwepo mumve. Mphira wa pa handulo ukavuta kuchotsa, thira madzi a sopo, uchoka. Koma sopo ndi wochotsera, si wobwezera. Ukabweza ndi sopo, masana auma, mphira ugwira ngati wamatidwa, iwe n'kumati ndakonza. Sopoyo sanafe, wangogona. Tsiku la chiperoni madzi alowa, iye adzuka, ndipo amadzuka uli pamtsetse, thupi lonse litatsamira pa handulo. Kuno ndi ku Mulanje, mvula siifunsa mwezi. Wamva, iwe wachibwano chong'ambika?"

"Ndamva, bwana injiniya. Koma mukanandiuza dzana."

"Dzana unandifunsa?"

Harold anaseka, kenako n'kugwira chibwano chifukwa kusekako kunamupweteka.

Apo m'pamene a Bonface anaona njinga yofiira ija. Nkhope yawo inasintha.

"Amalume," anayamba Ireen atanjuta pang'ono, "chosinthira chauma. Mwana watuluka thuza."

"Njinga yochokera kwa bambo ako Elson sindikonza. Ndikaigwira ndiye ndizula timawaya tonseti, ndidule tcheni, ikhale ya giya imodzi ngati njinga za anthu."

"Ayi! Magiya anga ayi!" anakuwa Samueli, n'kukumbatira chishalo.

"Khala chete, ndikulankhula ndi wamkulu wako." A Bonface analoza Ireen ndi sipanala. "Iwe unaona ndi maso ako. Chaka chija mayi ako anadwala mpaka kulephera kunyamula dengu la tiyi, bambo akowo anali kuti? Anali ku Limbuli, akumangira nyumba mkazi wina. Amene ananyamula mlongo wanga pa kaliyala mpaka kuchipatala cha pa Boma, mvula ili pamsana, ndine. Mkamwini amabwera ndi chikwama, amachoka ndi chikwama, ana amatsala ndi ife eni mbumba. Lero wakumbuka kuti anabereka, ndiye akutumiza zonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njinga iyi ndinailola chifukwa mayi ako anandigwadira. Koma ndinanena, ndipo ndikubwereza: kanthu kena kochokera kwa munthu ameneyo kakadzalowa pakhomo pano, ngakhale kanati kamodzi, njingayi ichoka."

Harold anayang'ana kumbali. Ireen anagwira handulo, n'kutulutsa njinga ija mwakachetechete.

2. Jumbo yakuda

Pakamwa pa wakabaza sipagona nkhani. Lachisanu Ireen akuweruka, anapeza munthu ataima pansi pa mtengo wa bulugamu, pambali pa njinga yosenza matumba a nandolo. Anali bambo ake, a Elson.

"Ireen, mwana wanga. Wakulatu."

"Mwaswera bwanji," anayankha mtsikanayo ali chiimire, maso ali pamatumba.

"Ndamva kwa Harold kuti Bonface akufuna kuilemaza njinga ya mwana wanga." Anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa jumbo yakuda. "Umu muli chosinthira chatsopano. Ichi si chopotokola, n'chongokankha ndi chala chachikulu, ngakhale khanda lingathe. Mulinso waya wake ndi mphira wautali wa pa handulo."

"Bwanji osakapereka nokha?"

"Pakhomo pali galu wolusa sulowa masana."

"Amalume si galu."

A Elson anatsitsa mawu. "Chabwino. Ukawauze kuti wazipeza pa kaunjika."

"Amalume si mwananso."

"Ndiye uike wekha. Si iwe unkandigwirira sipanala uli kamwana? Kapena nawenso akuphunzitsa kudana nane?"

Ireen anayang'ana jumbo ija, n'kukumbuka thuza la Samueli. Anailandira ndi dzanja limodzi, n'kuikankhira pansi pa makope m'chikwama.

"Osanena zikomo?" anafunsa bambo ake.

"Adzanena ndi mwini njinga," anatero Ireen akuchoka.

3. Kuseri kwa khitchini

Lamlungu masana a Bonface anapita kumaliro ku Milonde. Bokosi lawo la zipangizo linkagona m'nyumba ya mlongo wawo, popeza shedi inalibe chitseko cholimba. Ireen analitsegula, n'kutengera njinga kuseri kwa khitchini.

"Ukaime pamsewu," anauza Samueli. "Ukawaona akubwera, uimbe likhweru."

Ntchito inayamba bwino. Anathira madzi a sopo pansi pa mphira wakale, n'kuupotokola mpaka unachoka. Anamasula chosinthira chakale n'kusolola waya wake, wofiira ndi dzimbiri ngati wokumba m'dothi. Analowetsa chatsopano, n'kupisa waya watsopano m'chikopa chake mpaka unatulukira kumbuyo, n'kuumanga. Atagadamitsa njinga n'kupalasa ndi dzanja, tcheni chinalumpha giya imodzi n'kukana zinazo. Anamasula, n'kukoka waya ndi mano a pulayala, n'kumanganso. Ulendo uno chosinthira chinati tche! tche! tche! ndipo tcheni chinakwera n'kutsika mosavuta.

Chithunzithunzi cha munthu chinagwera pa njinga. Ireen anadzidzimuka. Anali amayi ake, a Rosemary, atanyamula nkhuni.

Anayang'ana jumbo yakuda, kenako chosinthira chonyezimira. Sanafunse kumene zachokera.

"Amayi, musawauze."

"Ine sindiuza munthu. Ndatopa n'kuima pakati pa amuna awiri ngati mpanda." Anatula nkhuni zija. "Koma tamvera, Ireen. Ine ndathyola tiyi zaka zambiri. Alipo ena amaika masamba okhwima pansi pa dengu, anthete pamwamba, kuti kapitawo asaone. Dengulo amalinyamula mosangalala mpaka kusikelo. Koma dengu lililonse limakhuthulidwa, mwana wanga, ndipo zapansi ndizo zimakhala pamwamba. Ntchito yobisa imagwiridwa ndi diso limodzi, lina lili kumsewu, ndiye pomwe pamatsala cholakwika. Achimwene ndi aukali, inde, koma sanakugonetsenipo ndi njala. Bambo ako ndi okoma pakamwa, koma suwadziwa monga ndiwadziwira ine. Usadzilowetse pa nkhondo yawo. Chimene chingapweteke mlongo wako, usachite, ngakhale chitakoma bwanji."

Atatero analowa m'khitchini.

Panatsala mphira watsopano. Ireen anaukankhira pa handulo, koma unangolowa pakamwa pokha n'kuima. Anaupotokola mpaka zikhato zinatentha. Anaumenya ndi thabwa. Mphira unakana.

Kumsewu kunamveka likhweru.

Beseni la madzi a sopo linali pomwepo, kachidutswa ka sopo wochapira kali pamwala. Mawu a amalume aja anali asanachoke m'makutu mwake. Likhweru linamvekanso, lofulumira.

Ireen anatola sopo uja, n'kupaka pa handulo. Mphira unalowa kamodzi n'kamodzi, kuti phwe!

Mwamsanga anaupaka matope kuti uoneke wakale. Chosinthira chija anachikulunga ndi malegeni odula ku chubu chakale, n'kusiya poti chala chizikankha. Zipangizo zinabwerera m'bokosi a Bonface asanafike pabwalo.

Madzulo ake Ireen anakayesa mphira uja. Unali utauma, wogwira nganganga.

"Mwina amalume amangoopseza," anadziuza yekha.

4. Chiperoni

Lolemba kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika kuphiri n'kukuta mudzi wonse, ndipo mvula yowaza inkalowa ngakhale pakhonde pomwe njinga inagona.

Samueli anadzuka tambala asanatsike. Phala anangolawa. Anapukuta chishalo ndi malaya, n'kukwera.

"Lero aona! Pamtsetse ndiwadutsa onse, pachitunda cha kusukulu sinditsika!"

Njira ya kusukulu inkadutsa pakhomo penipeni pa shedi, kenako n'kugwera pamtsetse wautali wa miyala, umene unkathera pa kamlatho kopapatiza ka matabwa. A Bonface anali atatsegula kale. Anakhala pachitsa chawo, chubu cha munthu wina chili m'manja.

"Udutse mofatsa," ananong'oneza Ireen. "Dzanja lako liphimbe chosinthira."

Samueli anapalasa, Ireen akutsatira pambuyo wapansi. Amalume anadzutsa mutu, n'kuyang'ana njinga mwaukali monga mwa masiku onse, n'kubwezanso maso pa chubu. Sanaone kanthu.

Koma Ireen anaona. Samueli ataimirira pa mapedulo, dzanja lake lamanja linazungulira pang'ono pa handulo. Kumapeto kwa mphira kunatuluka kathovu koyera.

Mwanayo sanazindikire. Anali atadutsa kale shedi, ndipo mtsetse unali patsogolo pake.

Kukuwa kunali kupereka njinga m'manja mwa amalume. Kukhala chete kunali kumusiya Samueli atsike ndi sopo m'dzanja mpaka pa kamlatho kaja. Thayala lakutsogolo linayamba kuweramira kumunsi.

"Samueli, ima! Amalume, mugwireni! Mphira uli ndi sopo!" anakuwa Ireen.

A Bonface sanafunse. Anaponya chubu, n'kudumpha ngati mnyamata. Samueli anatembenuka kuti aone chimene chachitika, ndipo pomwepo mphira unavuka n'kutsala m'dzanja lake. Handulo inakhotera kumanzere. Njinga isanagwe, dzanja la amalume linali litagwira kaliyala. Mwanayo anatsetsereka n'kukhala pansi m'matope, kuti phwatha!

Anadzuka wopanda bala, mphira uli m'manja, akuuyang'ana modabwa.

5. Njinga kudenga

A Bonface analanda mphira uja n'kuununkhiza. Kenako anakokera njinga m'shedi, natenga mpeni n'kudula malegeni. Chosinthira chatsopano chinaonekera, chikunyezimira.

Harold anali atangofika kudzapopa thayala. Ataona nkhope ya a Bonface anazimitsa kawailesi kake.

"Izi zachokera kuti?" a Bonface anafunsa Ireen.

"Kwa bambo," anayankha Ireen.

"Waika ndani?"

"Ine."

"Ndi zipangizo za yani?"

"Zanu."

"Za sopo sunamve?"

"Ndinamva."

"Unamva!" Mawu awo anagwedeza malata. "Harold uyu ndi chitsiru, koma iye sanadziwe. Iwe unaima apa, makutu ali tcheru, ndipo unapita kukachita zomwezo pa njinga ya mwana wa mayi ako. Tayang'ana kumunsi uko. Ukuwaona matabwa aja? Pansi pake pali miyala, ndipo lero madzi adzaza. Ukanamutola ndiwe? Ukanawauza chiyani mayi ako? Kuti unkaopa amalume? Mantha amene amakuchititsa kubisa ndi oipa kuposa ukali wangawu. Ine ndikakalipa, mawa kumacha. Mtsetse sukalipa, umangotenga. Ndipo taona munthu amene ukumuikira kumbuyoyo. Wapatsa mwana wamkazi zitsulo panjira ngati wakuba, iye n'kubwerera kwa mkazi wake kukagona tulo. Zikanavuta, akanati ndani anaika? Akanati ndiwe."

Ireen anangoti zyoli. Madzi a chiperoni ankatsika m'tsitsi lake.

"Komabe wakuwa, bwana," anatero Harold motsitsa mawu. "Wina akanangotseka pakamwa."

"Ndakufunsa iwe? Popa thayala lako uzipita."

A Bonface anatenga chiguduli n'kupukuta handulo mpaka inauma. Anatsuka m'kati mwa mphira, n'kuuumitsa pamoto wa mbaula yawo. Anadontheza guluu wa zigamba pang'ono pa chitsulo, n'kukankha mphira ndi chikhato kamodzi kokha. Anaupotokola ndi mphamvu zawo zonse. Sunasunthe.

Kenako ananyamula thayala lakumbuyo, n'kupalasa ndi dzanja, chala chili pa chosinthira. Tche! Tche! Tche! Tcheni chinakwera mpaka pamwamba n'kutsikanso. Anabwereza. Anagwira nati yomangira waya kuti aikhwimitse, koma anapeza palibe chokhwimitsa. Anamuyang'ana Ireen kanthawi.

Nkhope ya Samueli inawala. Anatambasula manja kuti alandire njinga yake.

A Bonface anainyamula m'mwamba n'kuikoleka pa mbedza ya kudenga, pakati pa mafelemu akale. Anapisa tcheni chachikulu m'thayala n'kutseka ndi loko.

"Amalume!" analira Samueli.

"Ndinati kanati kamodzi. Apa pali chosinthira, waya ndi mphira. Mawu anga sindimeza." Anaika kiyi m'thumba la ovolosi. "Iwe Ireen, popeza ndiwe mtumiki wake, ukamuuze Elson. Njinga yake ili pano. Ngati akufuna kuti mwana wake aikwerenso, abwere yekha Loweruka, masana dzuwa likuwala, adzaime apa pamaso panga ndi pa mlongo wanga. Asatume mwana. Asatume wakabaza. Akapanda kubwera, ndiimasula chidutswachidutswa."

Harold anaimba kalikhweru kotsika. "Tsiku lomaliza a Elson kuponda pano, anthu anayi anachita kukulekanitsani."

"Ndiye Loweruka ubwere ndi anzako atatu," anatero a Bonface.

Samueli anatembenukira kwa mlongo wake, misozi ikusakanikirana ndi matope.

"Ndinu oipa! Mukanangokhala chete! Ndikanagwira bwinobwino ine!"

"Tiye, tichedwa."

"Musandigwire!"

Anakankha dzanja lake n'kuyamba kutsika mtsetse yekha, wapansi, kabudula ali matope okhaokha. Ireen anamutsatira patali pang'ono. Atafika pa kamlatho, mwanayo anaima n'kusuzumira madzi ofiira akuwinduka pamiyala. Anaima nthawi ndithu. Kenako anawoloka pang'onopang'ono, akuponda pakati penipeni, koma sanacheuke.

Tsidya la mlatho njira inagawikana. Ya kumanzere inkapita kusukulu. Ya kumanja inkatulukira kumsewu waukulu wa ku Limbuli, kumene Ireen anali asanapondeko chichokereni bambo ake. Anaiyang'ana, n'kukhotera kumanzere. Uthenga uja unali ndi masiku ochepa oti ufike.

Asanalowe m'nkhungu anacheukira kuchitunda. Njinga yofiira inkaoneka pang'ono, ikulendewera kudenga la shedi. Pansi pake a Bonface anali atatola chubu chija m'matope. Anachipopa, n'kuchimiza m'beseni la madzi, n'kuyamba kuchizunguliza pang'onopang'ono, kufunafuna pobooka.